Kodi malipiro a mabwana a kampani amaika ndani? Yankho kwa mayi wa ku Ngabu

Mayi wina wa ku Ngabu, mphunzitsi wopuma ntchito, wanditumizira imelo. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndi la kampani ndachotsa monga anapemphera.

"Malemu amuna anga anandisiyira timasheya mu kampani ina ya pa msika wa masheya ku Blantyre. Chaka chino ndalandira chikalata choitanira ku msonkhano wa pachaka, ndipo muli mfundo yoti tivomereze kukweza ndalama za a bodi. Alawansi imene wapampando amalandira pa msonkhano umodzi ikuposa penshoni yanga ya mwezi wathunthu. Mwana wa mchemwali wanga amadula nzimbe, amalawira m'bandakucha n'kubwera ali bii, koma malipiro ake safika pa 20 mwezi usanathe. Kodi malipiro a mabwanawa amaika ndani? Kumeneku si kuba? Nanga ine ndivote bwanji?"

Zikomo Amayi. Mwalamulo si kuba ayi, chifukwa ndalamazo zimadutsa pa voti ya eni masheya. Koma ndikuuzeni chinthu chimene mwina chiwonjezere mkwiyo wanu: nambala imene yakudzidzimutsaniyo ndiyo yaing'ono pa ndalama zonse zimene akuluakulu a kampani amatenga. Yaikulu sinalembedwe pa chikalata chanucho.

Pamwamba pa kampani pali magulu awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi la madailekitala amene sagwira ntchito pa kampanipo tsiku ndi tsiku. Ambiri ndi maloya, akatswiri a za ndalama, kapena akuluakulu amene anapuma kwina. Amakumana kanayi pa chaka, kuphatikiza misonkhano ya makomiti, ndipo amalandira ndalama ya pachaka ndi alawansi ya msonkhano uliwonse. Lachiwiri ndi la mabwana olembedwa ntchito: bwanamkubwa, mkulu wa za chuma, ndi ena ochepa. Awa ndiwo amayendetsa kampani, ndipo ena mwa iwo amakhalanso mu bodi.

Tsopano tengani chikalata chija muwerenge mfundozo motsatana. Muyamba ndi kulandira lipoti la chuma, kenako kuvomereza dividendi (gawo la phindu limene eni masheya amagawana), kusankhanso madailekitala amene nthawi yawo yatha, ndi kusankha maoditala. Pa mfundo ya a bodi, zonse zalembedwa poyera: wapampando achoke pa zakutizakuti afike pa zakutizakuti, ena onse chimodzimodzi, alawansi ya msonkhano ndi iyi. Ndiye pansi pake, kapena pamwamba pake, pali kamzere kamodzi kopanda nambala iliyonse, konena kuti eni masheya akupereka mphamvu kwa bodi kuti iike malipiro a madailekitala olembedwa ntchito. Kamzere kameneka kamapezeka m'zikalata zambiri za makampani a pa msika wathu, ndipo kamadutsa anthu akuyang'ana pakhomo kuti chakudya chifika nthawi yanji. Pamenepo ndi pamene pali ndalama yeniyeni. Inu simuvotera kuchuluka kwake. Mumangovomera kuti ena akaone okha.

Malipiro a bwanamkubwa si salale yokha. Pamakhala nyumba kapena ndalama ya nyumba, galimoto ndi mafuta ake, mlonda ndi wa m'dimba, fizi ya ana, chipatala mpaka kunja kwa dziko, penshoni, kenako bonasi ya pachaka imene pa makampani ambiri imatha kulingana ndi salale ya miyezi ingapo. Pa makampani ena pamakhalanso mphotho imene imapsa pakatha zaka zitatu kapena kuposerapo, ya ndalama kapena ya masheya. Kuti muone chithunzi chake, pezani lipoti la pachaka, buku lokhuthala lija, limene limapezekanso pa intaneti. Dumphani masamba oyamba a zithunzi za mijigo ndi midadada ya sukulu. Pitani kumapeto, ku timawu ting'onoting'ono tofotokoza manambala, pa gawo la zochita pakati pa kampani ndi anthu kapena makampani achibale. Malamulo a maakaunti amakakamiza kampani kulemba pamenepo ndalama zonse zimene akuluakulu oyendetsa kampani alandira. Vuto lake ndi loti nthawi zambiri imakhala nambala imodzi yophatikiza anthu angapo. Simungadziwe kuti wapamwamba watenga zingati, bonasi ndi zingati, komanso anaipeza chifukwa chochita chiyani. Komabe muike chala pa nambala ya chaka chino, china pa ya chaka chatha, muone yakwera bwanji. Kenako mupeze mzere wa malipiro a antchito onse muchite chimodzimodzi, ndiponso wa dividendi. Mizere itatu imeneyi ikuuzani zambiri kuposa uthenga wa wapampando.

Amene amaika ndalamazi ndi komiti yaing'ono ya mu bodi, ya anthu atatu kapena anayi osalembedwa ntchito pa kampanipo. Ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani ya Malawi Code II, ya chaka cha 2010, imalimbikitsa kuti munthu asadziikire yekha malipiro, ndipo pa pepala zimatsatidwa: bwanamkubwa amatuluka m'chipinda nkhani yake ikayamba. Komitiyo imaitanitsa kafukufuku wa mmene makampani ena olingana nawo akulipirira, n'kunena kuti wathu asatsalire kumbuyo. Apa pali kachinthu koseketsa. Palibe bodi imene ingavomere kuti bwana wake ndi wosakwana, choncho iliyonse imafuna kulipira pakatikati kapena kuposa. Onse akatero, pakatikati pamasunthira m'mwamba, ndipo kafukufuku wa chaka chamawa amasonyeza kuti wathu uja watsalira kachiwiri. Palibe amene waba, koma malipiro akwera popanda wina kugwira ntchito yoposa dzana.

Onjezani apo kuchepa kwa dziko lathu. Msika wa masheya unayamba malonda mu November 1996 pamene NICO inalembetsa koyamba, ndipo mpaka lero makampani ake sanafike 20. Anthu okhala m'mabodi ndi ochepa, ndipo amadziwana: anaphunzira limodzi ku Chancellor College kapena ku Polytechnic, amapemphera tchalitchi chimodzi, amakumana ku maliro ndi ku maukwati. Amene lero akuweruza malipiro a mnzake, mawa mnzakeyo kapena mlamu wake akhala mu komiti yoweruza ake. Sindikunena kuti amagwirizana zachinyengo. Ndikungonena kuti kukana munthu amene mudzakhale naye benchi imodzi Lamlungu n'kovuta, ndipo Amalawi tonse timadziwa kulemera kwa mawu oti "iyayi" pamaso pa wamkulu.

Voti yanu ili ndi mphamvu yanji? Nditenge chitsanzo cha kampani imene aliyense kuno ku chigwa amaidziwa, osati chifukwa ndi imene mwandilembera, koma chifukwa eni ake ndi odziwika poyera. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo inayambitsidwa ndi Lonrho m'ma 1960, pansi pa dzina la SUCOMA limene achikulire amatchulabe mpaka pano. Mu 1997 Illovo ya ku South Africa inagula bizinesi ya shuga ya Lonrho. Mu 2006 Associated British Foods ya ku London inagula magawo 51 pa 100 alionse a Illovo, ndipo mu 2016 inagula otsala onse. Gulu limeneli lili ndi magawo 76 pa 100 alionse a Illovo Sugar Malawi. Otsalawo ndiwo amagawana makampani a inshulansi, a penshoni, ndi anthu ngati inu. Associated British Foods nayonso ili m'manja mwa banja la a Weston, ndipo ndi yomwe ili ndi masitolo a zovala a Primark ndi tiyi wa Twinings. Kotero mavoti akawerengedwa potengera masheya, ngakhale eni masheya ang'onoang'ono onse kuyambira ku Marka mpaka ku Chitipa atagwirizana kukana, mfundo idutsa basi. Makampani ambiri a pa msika wathu ali chomwecho: Standard Bank, Airtel Malawi ndi ena ali ndi mwini wamkulu mmodzi amene voti yake yokha imakwana.

Izi zili ndi mbali ina imene anthu saiganizira. Kumene kuli mwini wamkulu, bwanamkubwa sachita zofuna zake mophweka, chifukwa kwacha iliyonse yomuonjezera, gawo lalikulu likuchoka m'thumba la mwiniyo, ndipo mwiniyo ali ndi mphamvu yomuchotsa mawa lomwe. Pa makampani otere, mwini masheya wamng'ono ayenera kuyang'ananso mzere wina pa tsamba lomwe lija: ndalama zimene kampani ya kuno imalipira kampani yaikulu ya kunja ngati fizi ya upangiri, ya kugula katundu, kapena ya kugwiritsa ntchito dzina. Ndalama imeneyi imachoka phindu lisanawerengedwe, ndiye imapita yonse kwa mwini wamkulu, pamene dividendi mukanagawana. Nthawi zina fiziyo ndi yoyenera ndithu, chifukwa akatswiri a makina ndi a mbewu salipidwa ndi mawu. Koma nkhani yake imabuka. Mu 2013 bungwe la ActionAid linadzudzula Zambia Sugar, ya gulu lomweli, pa ndalama zimene inkalipira makampani achibale a ku Ireland ndi Mauritius, ndipo eni ake anakana kuti panali cholakwa. Mzere umenewu nthawi zambiri umaposa kutalitali ndalama zonse za a bodi.

Tsopano ndifike pa chimene ine ndimachiona chachikulu. Funso loti "walandira zingati" limatentha mtima, koma silipita patali, chifukwa yankho lake ndi lokonzeka kale: msika ndi umenewo, tikapanda kulipira apita kwina. Funso limene bodi imavutika nalo ndi loti "walandira chifukwa chochita chiyani".

Kwanu ku Ngabu mumadziwa za m'busa wa ng'ombe. Chaka cha mvula yabwino msipu umamera wokha, ng'ombe zimanona, zimaswana, ndipo ngakhale m'busa wogona pansi pa mtengo wa msangu tsiku lonse amaoneka katswiri. Chaka cha chilala, m'busa wabwino amayenda mtunda wautali kusaka madzi, amadzuka usiku, ndipo mwina khola limatsikabe ndi ziwiri kapena zitatu. Mwini ng'ombe wanzeru sapereka thole kwa woyambayo n'kuthamangitsa wachiwiriyo. Amayerekeza ndi makola a anzake amene anakumana ndi nyengo yomweyo. Bonasi ya bwana wa kampani iyenera kuweruzidwa motero, ndipo kuno ku chigwa timaona bwino kuposa a ku Blantyre kuchuluka kwa zinthu zimene bwana sazilamulira.

Taonani zimene zachitika m'zaka zochepa zapitazi. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira, magetsi anachepa dziko lonse kwa nthawi yoposa chaka, ndipo minda yothirira ndi mapampu inamva ululu wake. Mu March 2023 kunabwera Freddy, madzi a Mwanza ndi Shire anasefukira m'minda ndi m'midzi. Palibe bwana amene anaitana mvula imeneyo. Kumbali inayi, mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kampani imene imagulitsa katundu kunja, kapena imene imatha kukweza mitengo popanda wopikisana nayo wamphamvu, phindu lake m'makwacha limadumpha zikatero.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone. Kampani inapeza phindu la K20 biliyoni kwacha isanagwe, chaka chotsatira n'kupeza K28 biliyoni. Nyuzipepala zilemba kuti phindu lakwera ndi 40 peresenti, ndipo ngati bonasi inamangiriridwa pa kukula kwa phindu m'makwacha, bwana atenga yodzadza. Koma K20 biliyoni pa K1,180 ndi madola pafupifupi 17 miliyoni, ndipo K28 biliyoni pa K1,700 ndi madola 16 miliyoni ndi theka. Kampani sinakule konse. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 30 peresenti pa chaka, kotero ngakhale mutawerengera m'matumba a chimanga, kukwerako kwatsala pang'ono kutheratu. Mabanki nawo ali ndi mwayi wawo: boma likamabwereka kwambiri pa chiwongola dzanja chokwera, banki imapindula pongogula zikalata za ngongole za boma, osakongoza mlimi wa thonje ngakhale mmodzi. Kodi limeneli ndi luso la bwana kapena njala ya boma?

Ndiye chaka choipa chikafika, mumamva kuti komiti "yaganizira zovuta zimene zinali kunja kwa mphamvu za oyendetsa kampani" n'kufewetsa zolinga kuti bonasi itulukebe. Pamenepa ndi pamene ine ndimakwiya. Ngati madzi osefukira si mlandu wa bwana, ndiye kugwa kwa kwacha sikuyeneranso kukhala mphotho yake. Musankhe chimodzi. Chimene chimachitika m'makampani ambiri padziko ndi chakuti mwayi wabwino umawerengedwa ngati luso, tsoka limawerengedwa ngati nyengo. Pamene mlimi wa nzimbe wa ku Kasinthula kapena wa ku Phata amalipidwa potengera shuga amene wapezeka m'nzimbe zake, ndipo madzi akalowa m'munda palibe komiti imene imamufewetsera chilichonse.

Pa kampani ya shuga, zinthu zimene bwana angayankhire zilipo ndipo n'zowerengeka: matani a nzimbe pa hekitala, shuga amene fakitale ikutulutsa pa tani iliyonse, maola amene makina aima nyengo yogaya ili mkati, ngozi za antchito, ngongole, kulipira alimi pa nthawi yake, komanso ngati madamu ndi ngalande zinakonzedwa mvula isanabwere. Bonasi yomangiriridwa pa zimenezi, n'kuyerekezedwa ndi makampani ena a shuga a m'chigawo chino cha Africa, ine sindidandaula nayo ngakhale itakula.

Palinso choopsa china pa bonasi yodalira phindu la chaka chimodzi: amene akulandira bonasiyo ndi omwenso amalemba mabuku. Tongaat Hulett ya ku South Africa, imene nthawiyo inali mwini wa minda ya shuga ya Mafambisse kufupi ndi Beira komanso Hippo Valley ndi Triangle ku Zimbabwe, inali kampani yolemekezeka ya zaka zoposa 100. Mu 2019 zinaululika kuti kwa zaka zingapo phindu lake linkakokomezedwa m'mabuku, mwa zina pa mtengo wa nzimbe zimene zinali zidakali m'munda ndi pa malonda a malo amene ankalembedwa asanatheke. Masheya anagwa, malonda ake anaimitsidwa pa msika wa ku Johannesburg, kampani inapita ku khoti kukafuna kuti ena mwa akuluakulu akale abweze ndalama, ndipo mu October 2022 inalowa m'ndondomeko yopulumutsa kampani imene yatsala pang'ono kugwa. Nzimbe ya m'munda ilibe lisiti, mtengo wake ndi wongoyerekeza, ndipo woyerekezayo akakhala ndi bonasi pa yankho lake, muyenera kukhala maso. N'chifukwa chake makampani ambiri masiku ano amaika m'kontilakiti mfundo yoti bonasi ikhoza kulandidwa ngati manambala apezeka olakwa pambuyo pake, ndiponso kuti gawo lina lisungidwe kwa zaka zingapo. Kufunsa ngati kampani yanu ili ndi mfundo imeneyi ndi funso laulemu, ndipo yankho lake ndi inde kapena ayi.

Za mwana wa mchemwali wanu. Sindikunamizani kuti kudula malipiro a bwana kungamulemeretse. Tiyerekezenso: bwana akulandira K400 miliyoni pa chaka zonse pamodzi, antchito alipo 8,000. Mutamulanda zonse n'kugawa, aliyense apeza K50,000 pa chaka, kapena kuposa pang'ono K4,000 pa mwezi. Sopo ndi mchere. Koma mutembenuze masamuwo: wantchito wa K125,000 pa mwezi angafunike zaka zoposa 260 kuti apeze zimene bwanayo wapeza chaka chimodzi. Nambala yachiwiriyi siidyetsa munthu, koma imaonetsa mtima wa kampani, makamaka mukaiyang'ana chaka ndi chaka. Ikamakula, ndiye kuti pa tebulo limodzi akunena kuti ndalama palibe, pa tebulo lina akunena kuti msika ukufuna tionjezere. Amene anaonapo odula nzimbe akutsika pa thilakitala masana a mu October, dzuwa la ku Nchalo likuwotcha ngati ng'anjo, nkhope ndi mikono zili mwaye wokhawokha wa nzimbe zootchedwa, chikwanje chili pa phewa, botolo la madzi litauma kalekale, sangamve bwino mawu oti "luso losowa" akamanenedwa za munthu mmodzi yekha.

Maiko ena anakakamiza kuti nambala imeneyi, yoyerekeza malipiro a bwana ndi a antchito, izilembedwa. Ku America makampani a pa msika anayamba kuilengeza mu 2018, ku Britain mu 2020. Ku Britain komweko eni masheya anayamba kuvotera lipoti la malipiro mu 2003, ndipo chaka chomwecho a GlaxoSmithKline analikana, zimene zinagwedeza mabodi ambiri. Kuyambira 2013 ndondomeko ya malipiro kumeneko siigwira ntchito eni masheya akaikana. Ku Johannesburg, gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti likakana, kampani imayenera kuitana okanawo n'kumva madandaulo awo. Kuika malire enieni ndiye kwakanika pafupifupi kulikonse: mu November 2013 anthu a ku Switzerland anavotera ganizo loti bwana asapose wantchito wotsikitsitsa kokwana ka 12, ndipo analikana. Zotsatira za kuulula nazonso si zokoma zokhazokha, chifukwa mabwana akaona za anzawo amafuna zofanana. Komabe mwaona chodabwitsa: malipiro a George Weston, bwanamkubwa wa Associated British Foods, mukhoza kuwawerenga muli ku Bangula, salale payokha, bonasi payokha, zolinga zake zonse. Kwathu kuno, pa makampani ambiri, mwini masheya amangopatsidwa mtolo umodzi womangamanga.

Malipiro a mwana wanuyo amaikidwa kwina. Pansi penipeni pamaikidwa ndi boma, monga pamene linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi mu 2024. Pamwamba pa apo amakambirana ndi a bungwe la antchito, ndipo a m'minda ya shuga ali ndi lawo la SPAWUM. Ndipo Amayi, ndinene mosapsatira: pa tebulo limenelo inu muli mbali ya olemba ntchito. Malipiro a antchito akakwera kwambiri, dividendi yanu ikhoza kutsika. Ngati mukufuna kuti mwanayo azilandira bwino, mukhale okonzeka kunena zimenezo ngati mwini, podziwa mtengo wake. Mawu otero akachokera kwa mwini masheya amalemera mosiyana ndi akachokera kwa wandale pa msonkhano wa pa Dyeratu.

A bodi aja ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Alawansi imaoneka ngati ya tsiku limodzi, koma dailekitala wochita ntchito yake amawerenga mulu wa mapepala msonkhano usanafike, ndipo pansi pa lamulo la makampani la 2013 akhoza kuyankha mlandu payekha akalekerera zinthu. Bodi yotchipa imene imangogwedeza mitu ndiyo yodula kwambiri. Chimene mungafunse ndi chakuti aliyense wafika pa misonkhano ingati, zimene malipoti ambiri amalemba pa tebulo laling'ono. Wakhala mu bodi zaka zingati, chifukwa munthu wa zaka 15 pa mpando umodzi sakhalanso mlendo wotha kufunsa mafunso ovuta. Ndipo ali m'mabodi angati. Amene ali m'mabodi asanu ndi awiri sawerenga mapepala onsewo, olo atalumbira.

Kavotedwe tsono. Chikalata choitanira chimayenera kukufikani masiku osachepera 21 msonkhano usanachitike. Ngati ulendo wokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre ukudya dividendi yanu yonse, zimene zimachitikadi kwa ambiri, kumapeto kwa chikalatacho kuli fomu yotumira munthu wina kukuvoterani. Mfundo iliyonse ili ndi mabokosi ake: kuvomera, kukana, kusavota. Muchonge nokha. Mukasiya mabokosi opanda kanthu n'kulemba wapampando ngati nthumwi yanu, avota mmene iye akufunira. Fomuyo kawirikawiri imayenera kufika maola 48 msonkhano usanayambe, ndipo makampani ambiri tsopano amalandira pa imelo, ena amalolanso kulowa msonkhano pa intaneti. Musanatero, onetsetsani kuti masheyawo anasinthidwa kuchoka m'dzina la malemu kubwera m'dzina lanu, apo ayi fomu yanu ikanidwa, ndipo dividendi ikhoza kumangounjikana kwa osunga kaundula wa eni masheya. Broka (kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya) aliyense wa pa msika, monga Stockbrokers Malawi kapena Continental Capital, akuuzani mapepala ofunika.

Funso lolembedwa limaposa voti. Lembani kwa mlembi wa kampani msonkhano usanafike, mwachidule, ndipo mupemphe kuti liyankhidwe pa msonkhano n'kulowa m'maminitsi. Mufunse kuti malipiro a akuluakulu akwera ndi maperesenti angati poyerekeza ndi a wantchito wotsikitsitsa; bonasi imadalira miyeso iti, ndipo kugwa kwa kwacha kumachotsedwamo kapena ayi; komanso ngati bonasi ingabwezedwe mabuku akapezeka olakwa. Kope lake mutumize ku Misalico, bungwe la eni masheya ang'onoang'ono, limene mamembala ake amaimirira pa misonkhano imeneyi ndipo atolankhani amawamvera. Makampani a penshoni ndi inshulansi monga Old Mutual ndi NICO ndiwo ali ndi masheya ochuluka pambuyo pa eni akuluakulu, ndipo ndalama zimene agwirazo ndi za antchito wamba, zija za 5 peresenti yodulidwa pa salale ndi 10 peresenti ya olemba ntchito. Aliyense amene amadulidwa penshoni ali ndi ufulu wowafunsa kuti anavota bwanji pa malipiro a mabwana, ngakhale ochepa amatero.

Ine nditakhala inu, pa mfundo ya a bodi ndingayang'ane kukwerako. Ngati kukulingana ndi kumene antchito alandira, ndipo madailekitala amafika pa misonkhano, ndingavomere ngakhale alawansiyo ikundiwawa. Ngati a bodi akudzikwezera 35 peresenti antchito atapatsidwa 15, ndingakane. Pa kamzere kopanda nambala kaja ndingakane chaka chilichonse mpaka kampani itayamba kulemba, munthu ndi munthu, kuti walandira zingati ndipo bonasi yake yachokera pa miyeso iti. Mfundoyo idutsabe, koma mukachonga pa fomu, lembaninso chifukwa chake m'kalata yanu kwa mlembi, kuti asaganize kuti dzanja linaterereka.